Telala Amene Anadula Masamba Atatu

Inu amene ntchito yanu yakanidwa posachedwapa, imvani za mayi wina wolemba mafilimu.

Tsiku limene nkhani yake yoyamba inawerengedwa, anthu anamuseka. Anali telala, wolephera mayeso kawiri, ndipo nkhaniyo anailemba kwa zaka zinayi, kope lili pamwamba pa makina osokera. Dayirekita wina, wotsogolera kujambula mafilimu, ataikonda anasonkhanitsa azisudzo pa tebulo kuti aiwerenge mokweza.

Zinayenda bwino mpaka pamene mkazi wa m'nkhaniyo akuuzidwa kuti mwamuna wake wafa pangozi. Apo telala anali atalemba masamba atatu a kulira kokhakokha. Wosewera mbali ya mkaziyo anafika pakati, mpweya n'kumuthera, n'kuyamba kuseka.

"Atelala, wamasiye wanuyu apuma nthawi yanji?"

Dayirekita sanaseke. Anati kujambula kuyamba Lolemba. Gawolo likapanda kukonzedwa pofika Lachisanu, nkhani yonse aipereka kwa wolemba wina, ndipo dzina la telala silidzaoneka pafilimuyo.

Lachiwiri telala analemba, n'kung'amba. Lachitatu chimodzimodzi, mpaka anasokerera mkono wa malaya chagada.

Lachinayi anayang'ana mkulu wake, amene ankasita zovala m'shopu yosokeramo. Mkuluyo anali wamasiye kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo za tsiku la imfayo sankazikamba. Telala anazengereza mpaka masana, kenako analimba mtima.

"Achemwali, atakuuzani za alamu, munati chiyani?"

Mkuluyo anatsiriza kaye kolala, n'kuimika simbi.

"Ndinafunsa za makiyi a nyumba. Alamu ako anali atapita nawo m'thumba."

Anatenga malaya ena n'kupitiriza kusita.

Telala anapempha chilolezo chogwiritsa ntchito mawuwo. Mkuluyo anangogwedeza mutu kuvomera. Pamenepo telala anatenga sizasi, n'kudula masamba atatu aja, m'malo mwake n'kulemba mzere umodzi.

Lachisanu dayirekita ataona mzere umodzi wokha papepala, nkhope inasintha. Anafunsa ngati telala wabwera kudzaseweretsa anthu. Telala anapempha kuti wosewera uja auwerenge kamodzi kokha, akaukana aukane ataumva.

Wosewerayo anayang'ana papepala, n'kuwerenga motsitsa mawu:

"Nanga makiyi a nyumba ali ndi ndani?"

Ulendo uno palibe amene anaseka. Wojambula filimu anayang'ana kudenga kuti misozi isagwe. Dayirekita anatseka faelo yake, n'kuuza telala kuti Lolemba asachedwe.

Kuchokera pamenepo mayiyo walemba mafilimu khumi ndi limodzi. Ena sanayende bwino pamsika, ndipo iye sabisa. Olemba achinyamata akamubweretsera nkhani, amawatuma kaye kukamvetsera mmene anthu amayankhulira pamzere wa kuchipatala.

Kusekedwa kumawawa, sindikukana. Koma nthawi zina wokusekaniyo wakulozerani pamene pali vuto. Bwererani pa ntchito yanu, funsani amene anaziona, ndipo mtima musautaye Lachinayi, Lachisanu lisanafike.