Chimene Anavundukula ku Chiuta

Ababa anga anali m'gulu la ozimitsa moto pa dooko lathu ku nyanja ya Chiuta. Ndikanena choncho, anzanga a mumsika wa Balaka, kumene ndimagulitsa zitenje, amaganiza za galimoto yofiira ndi zipewa zachitsulo. Iyayi. Kwathu galimoto imeneyo ikanati ibwere, ikanapeza phulusa litazizira kale. Ozimitsa moto athu anali asodzi wamba amene komiti ya pa dooko inasankha, aliyense ndi chidebe chake ndi fosholo yotapira mchenga. Pamtengo anapachikapo chitsulo choti chiziimbidwa moto ukabuka. Pamalo pamene anthu amawamba milamba moyandikana ndi zisakasa za udzu, chitsulo chimenecho sichinkachita dzimbiri.

Moto umene ndikunenawu unabuka masana, nyengo yotentha ija mvula isanagwe. Unachokera pa uvuni wowambira nsomba, mphepo n'kuuponyera pa zisakasa. M'chisakasa china munagona ana a mayi wina wogula matemba, mayiyo atatsikira kumadzi. Ababa analowamo ndi mnzawo wa bwato limodzi, bambo wachikhristu amene ankasodza naye ine ndisanabadwe. Ana aja anawapatsira anthu kunja ali bwinobwino. Koma pakona panali chigubu cha petulo, ndipo chinaphulika ababa ndi mnzawoyo akadali mkati. Mnzawoyo anafera pomwepo. Ababa anthu anachita kuwakoka miyendo, nkhope ndi manja zitapsa, diso limodzi litatheratu, linalo likungoona zinthu ngati m'chifunga.

Atatuluka m'chipatala, anthu ankabwera kudzawazonda. Kenako anayamba kuchepa, mpaka anatheratu. Sindikuti anali ouma mtima. Nkhope ija inali yovuta kuiyang'ana, moti ngakhale ine mwana wawo ndinkayankhula nawo maso ali paphewa pawo. Ana akawaona pakhonde ankathawa akulira. Tsiku lina ababa analowa m'nyumba, ndipo kuyambira pamenepo sanapyolenso mpanda wa kubafa. Ngakhale kumzikiti Lachisanu anasiya. Munthu woti akaseka ku dooko amayi ankamumva ali kumunda, anangoti zii m'chipinda. Ine ndinkabwera kawirikawiri, minibasi mpaka pa Nsanama, kenako njinga yamoto fumbi lili koboo, kudzakangana nawo nkhani imodzi yomweyo, yoti atuluke akhale pakati pa anthu.

"Anthu akufuna kukuonani, ababa."

"Akufuna kundiona? Kodi njira yobwera kuno yamera minga?"

Ndinkapsa mtima, chifukwa ankanena zoona.

Patatha chaka, a komiti anatumiza uthenga woti amanga chikumbutso pamalo panapsa paja, cholemekeza ozimitsa moto, ndipo akufuna ababa akakhale pampando wa kutsogolo. Ndinasangalala ngati mwana. Ndinagula mkanjo woyera ndi mzuli watsopano wovala kumutu, ndinatseka benchi yanga, ulendo. Ababa poyamba anakana, monga mwa nthawi zonse. Amayi ndiwo anawapeza pofewa, atanena kuti mkazi wa malemu mnzawo uja akakhalako.

"Ngati alamu anga akakhalako, ndipita," anatero.

M'mawa wa tsikulo tinayenda pang'onopang'ono, dzanja lawo lili paphewa panga. Titafika, anthu anali atadzaza pansi pa mitengo, Asilamu ndi Akhristu pamodzi monga timakhalira kwathuko. Amuna ena anadzuka kudzawapatsa salamu, n'kugwira dzanja lopsa lija osachita tsinya. Msodzi wina wachikulire anawafunsa za umoyo, ababa n'kumufunsa ngati bwato lake lija linasiya kumwa madzi kapena akuyendabe ndi chikho chokapira. Anthu anaseka. Ababanso anaseka, kuseka kwawo kwenikweni kuja. Ine ndinatembenukira kumbali kuti ndipukute misozi, mumtima ndikuti basi, ndawapeza ababa anga.

Chikumbutsocho chinali chofundidwa ndi lona, pamwamba pake chitenje. Apampando a komiti anafotokoza monyadira kuti anaitana mmisiri wochokera ku Balaka, ndipo mmisiriyo analetsa kuti aliyense asasuzumire tsiku lisanakwane, poti ndi mmene imayendera ntchito yake. Ashehe anapempha duwa, pemphero lathu la Chisilamu, abusanso anapemphera. Kunabwera zoyankhula zambiri, zina zazitali mosafunikira. Kenako anaitana mayi wamasiye uja ndi ababa kuti agwire nsonga za lona, mmodzi uku wina uko, akoke.

Anakoka. Azimayi amene anali atakonzeka kale kuimba nthungululu anangotsala kukamwa yasa.

Chinali chiliza. Chiliza chenichenicho cha pamanda, chachitali ngati munthu wogona, chomatidwa matailosi akuda, mwala wa kumutu utaimirira. Ndinachizindikira nthawi yomweyo, chifukwa zotere ndimazidutsa tsiku ndi tsiku m'mbali mwa msewu ku Balaka, pamene amaziyala kuti ogula asankhe. Pamwalapo panali mayina awiri. Loyamba linali la malemu. Lachiwiri linali la ababa anga, amene anali chiimire pomwepo, nsonga ya lona ikadali m'manja.

Mayi wamasiye uja anagwira pakamwa n'kukhala pansi pamchenga. Ashehe ananong'ona mawu opempha chikhululuko kwa Mulungu. Apampando ankangoyang'ana mwalawo, kuyang'ana ababa, kuyang'ananso mwalawo.

Ababa sankaona bwino, koma makutu awo analibe vuto. Anamva kuti palibe akuomba m'manja. Anawerama n'kukhudza tailosi, n'kuyendetsa zala zawo zolimba zija m'mphepete, kutsata utali wake wonse mpaka anafika pamwala wa kumutu. Ife Asilamu sitimanga zotere, koma ababa anali atapitako kumanda a anzawo achikhristu kambirimbiri. Anadziwa chimene akugwira.

"Mwanangu, pali zolemba apa. Ndiwerengere."

"Tiyeni tikakhale pansi kaye, ababa."

"Ndati ndiwerengere. Zonse."

Sindinawanamizepo ababa, ndipo sindikanayamba pamaso pa mudzi wonse. Ndinawerenga dzina la mnzawo. Ndinawerenga lawo. Kenako ndinawerenga mzere wa pansi, umene unkati mizimu yawo iuse mumtendere. Mawu anga ankamveka mpaka kumadzi, poti kunalibe ngakhale wotsokomola.

Mmisiri uja anali atakhala pambali, atavala jekete, akudikira kuyamikiridwa. Ndinamupita.

"Achimwene, mwamanga chiyani apa? Munthu uyu simukumuona kuti akupuma?"

Mmisiriyo anaimirira. "Mayi, anandiimbira foni kuti akufuna chokumbukira anthu awiri a pa moto uja. Anandipatsa mayina. Ine ntchito yanga ndimamangira omwalira. Palibe anandiuza kuti wina ali moyo."

"Masiku onse munali pano mukuponda simenti, palibe anatchula?"

"Palibe, mayi. Ankangoti malemu ndi anzawo aja, anali anthu abwino."

Anali, ngati kuti ababa anamwalira kale. Ndinayang'ana a komiti mmodzimmodzi, anthu oti nyumba yathu amaiona ali pakhomo pawo, ndipo aliyense anapeza choyang'ana pansi. Ndinawanenera mawu amene sindingawabwereze pano. Anyamata ena anathamanga kukafuna hamala, apampando akulonjeza kuti akonza, afufuta, aphwanya, chilichonse chimene ababa anganene.

Ababa sanakweze mawu. Anapita kwa mayi wamasiye uja n'kumupepesa kuti tsiku la mwamuna wake lasokonekera. Kenako anafufuza phewa langa.

"Tiye, mwanangu. Zamveka."

Ndinawachonderera njira yonse kuti kunali kulakwitsa chabe, mmisiri sankawadziwa. Iwo anangoti mmisiri alibe mlandu, wamanga zimene anamva. Titafika anavula mkanjo, anaupinda bwinobwino, analowa kuchipinda. A komiti anabwera madzulo ake kudzapepesa, anabweranso mawa lake, koma anayankhula ndi chitseko.

Za hamala zija zinathera m'kukangana. Abale a malemu anakana kuti mwala wokhala ndi dzina la m'bale wawo uphwanyidwe, poti kutero n'kumupha kawiri. Ena anati aitanenso mmisiri adzapale dzina limodzi lokha. Mvula inagwa, msewu unaduka, nkhani inadikira chilimwe.

Ababa sanadikire nawo. Anatuluka m'nyumba muja chimanga chikumasula, atanyamulidwa pa jeneza, machira athu a maliro, ndipo tinakawaika monga mwa chipembedzo chathu, m'manda a dothi lokha. Chiliza cha pa dooko chikadali pomwepo ndi mayina ake awiri. Palibenso chofunika kukonza.