Timadontho ta kyutekisi pa ampu

Achimwene, patha zaka ziwiri chitisiyireni. Lero popukuta ampu yanu yokuzira mawu a gitala ndaona timadontho tofiira m'mbali mwa mabatani. Mukukumbuka? Munatha Loweruka lonse pakhonde pathu ku Bangwe mukupotokola mabataniwo, kufuna kuti gitala ilire ngati ya mu kaseti yanu ya nyimbo za roko. Zitatheka munakuwa, "Ndi imeneyi! Bweretsa kyutekisi wako, ndingaiwale!" Ndinakukwiyirani masiku awiri, poti botolo la utoto wa zikhadabowo linali latsopano.

Masanawa ndinaitana mnzanu wa kubandi uja. Ndinalozetsa batani lililonse pa kadontho kake, iye n'kukhudza nsambo imodzi yokha. Amayi anatuluka m'nyumba akuthamanga, akuitana dzina lanu.

Mukanangotha botolo lonselo, achimwene.