Pepala la Makhodi la Atate

Atate anapachika gitala yawo pamsomali chaka chimene kwaya ya kwathu ku Kalindawalo inalandira kiyibodi. Palibe anawathamangitsa. Anangofika kutchalitchi tsiku lina chimanjamanja, n'kukakhala pabenchi ya madoda, manja ali pamaondo. Ine ndinali kumbuyo kwa kwaya, kwa oimba besi.

Munthu ameneyu anayamba kuimbira mpingo gitala ife tisanabadwe. Zala zawo zinauma ndi khasu komanso kutola thonje, koma magwiridwe anayi amene ankawadziwa ankawagwira ngakhale maso ali kudenga. Ankawatchula kuti do, fa, so ndi la, monga anaphunzirira ali mnyamata. Koma woimba kiyibodi, bambo waulemu wake wogulitsa mbewu ndi feteleza, anaphunzira kuimba pa makiyi akuda okhaokha, kiyi imene oimba amati efu shapu. Batani la pakiyibodi losinthira kiyi linafika lili lakufa kale. Tsono kuti gitala ilowe mu efu shapu, chala chimodzi chiyenera kugona chowongoka pa mawaya onse n'kukanikiza, ndipo chala cha atate chinakana. Akayesa, gitala inkalira zake, kwaya zake, amayi akutsogolo n'kumacheuka.

Kuwonjezera apo, nyimbo zatsopano zinkabwera pafoni kuchokera kwa anzathu a kwaya ya ku Nyimba, mwezi uno ina, mwezi wamawa ina. Pamene khutu la atate likuti ligwire imodzi, anthu apita kale pa inzake. Kunyumba atate sankadandaula. Ankangoti, "Nthawi yathu inasila," n'kupempha madzi akumwa. Amayi ndi amene anatiuza kuti munthu wayamba kupeza zifukwa zojombera kutchalitchi.

Ine mkwiyo wanga suchedwa. Ndinapalasa njinga mpaka pa boma la Petauke, kushopu ya mlongo wanga wamkulu, kumene amataipira anthu ndi kupulinta, ndipo ndinalowa ndikulalata kale.

"Asisi, uja wa feteleza nizamuonetsa. Angachotse bwanji mkulu pamalo pake?"

Sanachotse n'komwe maso pakompyuta. "Ukamukalipila, chala cha atate chizaongoka?"

Ndinakhala pansi.

Mlongo wangayu saimba chida chilichonse. Amaimba alito, ndipo kunena zoona mawu ake si oti munthu n'kuimitsa njinga. Koma ali ndi matenda amodzi: sangaone chinthu chokhota n'kuchisiya. Ndiye amene ankalandira mafayilo a nyimbo a kwaya yathu, aja okhala ndi mawu a nyimbo pansi, zilembo za makhodi pamwamba, zouza woimba chida pamene asinthire kagwiridwe. A ku Nyimba ankakankha zilembozo ndi mipata basi, mpaka chilichonse chiime pamwamba pa liwu lake. Pafoni ya mwini wake zinkaoneka bwino. Zikafika pafoni ina zinkatsetsereka, khodi ya liwu loyamba n'kukaima pamwamba pa lachitatu. Ena ankangoti bola, iye zinkamudwalitsa mutu.

Tsiku limenelo anatsegula nyimbo yoyamika zokolola imene kwaya inkakonzekera. Pulogalamu yake ya nyimbo inali ndi kabatani kokweza ndi kutsitsa makhodi onse nthawi imodzi. Anadina kamodzi kukweza, zilembo zonse zija za mashapu zinasanduka G, C, D ndi E yaing'ono. Anatsegula tizithunzi tosonyeza pogwira zala, n'kunditembenuzira kompyuta.

"Yang'ana bwino. Si manja a atate aya?"

Analidi omwewo. Tonse tinakula tikuona zala zimenezo, do, fa, so ndi la, popanda chala chogona pa mawaya. Atate ndi kiyibodi ankasiyana kaphazi kamodzi kokha. Kiyibodi sikanatha kukwera, choncho mlongo wanga anati gitala ndiyo itsike: mawaya onse amasulidwe pang'ono, atate azigwira monga mwa masiku onse, koma mawu azituluka mu efu shapu. Ndinamuyang'ana mlongo wanga ngati ndikumuona koyamba. Ine ndinabwera ndi ndewu, iye anali atapeza kale pogwira.

Koma ntchito yeniyeni inali isanayambe. Atakulitsa zilembo kuti maso a nkhalamba aone, makhodi anabalalikanso. Ndiye anafufuta mzere wonse wapamwamba, n'kuyamba kulowetsa khodi iliyonse m'kati mwa liwu lenilenilo, m'timabulaketi, pamalo enieni pamene dzanja liyenera kusintha. Ukatero pulogalamu imaikweza yokha pamwamba, ndipo kaya ukulitse kaya uchepetse, khodi sichoka pa liwu lake. Anagawa mavesi, kolasi anaiika chizindikiro chake kuti izituluka yolowa m'kati. Atafika pa liwu lakuti tikuyamikani anaima. Kodi dzanja lisinthe pa ya kapena pa mi? Fayilo ya ku Nyimba sikanatha kumuuza, poti inali itatsetsereka kale.

"Iwe, imba," anatero.

Ndinaimba. Anapukusa mutu.

"Besi yako ingolila chabe monga ng'ombe, sinimvelapo kanthu. Mailo tiyende kumudzi."

Kutacha ananyamula laputopu m'chitenje, tinapita. Tinapeza atate akusenda nshawa, mtedza uja, pansi pa mtengo wa mango. Apa ndi pamene ndimamugomera kwambiri mlongo wanga. Sananene kuti tabwera kudzakuthandizani, chifukwa atate akanangoti zikomo, nkhani n'kuthera pomwepo. Anagwada, anapereka moni, kenaka anati:

"Atate, nili na vuto. Aba a ku Nyimba anasokoneza nyimbo. Siniziwa posinthila."

"Nyimbo iti?"

Anawaimbira mzere woyamba, n'kumenya dala chikhatho pamalo olakwika. Atate anakwinya nkhope ngati aluma nshawa yowola.

"Iyayi, mama! Osati apo. Imbanso."

Anaimbanso, atate n'kumaponda pansi pamene payenera kusintha, iye n'kumasuntha kabulaketi. Anapita choncho liwu ndi liwu. Pa tikuyamikani phazi linagwa pa mi. Pena atate ankati mzere watalika, munthu amapuma apa, iye n'kuudula pomwepo, wotsalawo n'kuutsitsa pansi. Nkhuku zinatha nshawa za m'lichero popanda woziingitsa. Atafika pa kolasi, phazi linawachepera. Anandituma ndi mutu, osandiyang'ana, kuti ndikatenge gitala pamsomali paja.

Za kumasula mawaya anayamba akana. Anati gitala yawo sinayambe yalirapo chofooka. Mlongo wanga sanalimbane nawo. Anatumiza mawu kwa bambo wa feteleza uja, amene ine ndinkafuna kumudya wamoyo, ndipo anabwera masana omwewo kiyibodi ili pakaliyala. Anavula chipewa, anakhala pansi penipeni, n'kumawapatsa atate mawu amodziamodzi mpaka waya uliwonse utatsika. Atate anagwira do, iye anagwira efu shapu yake, ndipo zinamveka chinthu chimodzi. Bamboyo anaseka mpaka misozi, akuti nkhaniyi inkamusowetsa mtendere koma sankadziwa poyambira.

Chinatsala ndi zilembo. Atate anayang'ana G ndi C paja n'kunena kuti za asing'anga a kuchipatala iwo sawerenga. Mlongo wanga anakopera fayilo ina yapadera, ya atate okha, n'kusintha G aliyense kukhala do, C kukhala fa, mpaka zonse. Anadziwa kuti akatero kabatani kokweza kaja sikagwiranso ntchito pa fayilo imeneyo, n'chifukwa chake ya kwaya anaisunga payokha osaikhudza. Atabwerera kushopu anavutika nayo kuti nyimbo yonse ikwane tsamba limodzi, popeza woimba gitala alibe dzanja lachitatu lotembenuzira pepala. Anachepetsa m'mbali, anachotsa kolasi yobwereza, koma zilembo anakana kuzichepetsa. Makhodi anawadetsa kwambiri kuti aoneke patali. Anapulinta, anaika pepalalo pampando, n'kubwerera m'mbuyo atatsinzina diso limodzi, kuyesa kuona monga amaonera atate. Sanakhutire, anapulintanso.

Tsiku loyamika zokolola, kutsogolo kwa tchalitchi kunadzaza matumba a chimanga, nshawa ndi maungu. Atate analowa mochedwerapo, gitala ili kumsana. Anapanikiza pepala lawo kumsana kwa mpando ndi zopanira zovala. Kiyibodi inayamba, iwo analowa pa mzere wachiwiri, ndipo nyimbo inayenda mpaka kumapeto. Ine besi inandithawa pakati pa kolasi, ndinangoyasama kukamwa, maso atadzaza misozi. Mlongo wanga ankaimba alito yake ija maso ali pa dzanja lamanzere la atate.

Titatuluka tinawapeza pamthunzi akupukuta mawaya ndi kansalu. Ndinkayembekeza kuti amuyamika mwana wawo pamaso pa anthu. Anamukodola, n'kuloza papepala ndi chala chouma chija.

"Apa pa vesi yachiwili, so waika mochedwa."

"Atate, ndimwe munaponda pamene apo!"

"Ninaponda bwino ine. Makina yako ndiye yanachedwa. Ukakonze." Anapinda pepalalo mosamala, n'kumupatsa. "Manje ya Sondo ikubwela ni iti? Ubwelese msanga, nifunika kuiyesa."

Mlongo wanga analandira ndi manja awiri. Anatembenuka msanga kuti atate asaone nkhope yake, n'kupita kukafunsa woimba kiyibodi dzina la nyimbo ya Lamlungu lotsatira.