Njira Imene Agogo Anaonetsa Alendo

Mwana wanga akuwerenga mokweza za azungu akale amene ankatulukira maiko a kuno kwathu, ndipo mtima wanga ukuwawa.

Ndili mwana, alendo awiri achizungu anafika kwathu ku Chulu tsiku logawa makuponi a feteleza, akufuna njira yakale ya amalonda yolowera ku Zambia. Agogo, amene anandilera makolo anga atamwalira, anawatsogolera. Ine ndinatsagana nawo, ndipo ndinkawamvera chisoni alendowo poganiza kuti paokha asochera.

"Agogo, nanga makuponi?" ndinanong'ona.

"Tiwasiye adyedwe ndi nkhupakupa? Makuponiwo tikawapeza, iwe."

Tinabwerera fumbi lili m'kamwa, makuponi atatha. Chaka chimenecho fodya wathu anangochita chikasu.

Nditadziwa kuwerenga, ndinaima pachikwangwani chimene alendo aja anakhoma pamphambano. Analembapo kuti njirayo anaitulukira okha, ndipo dzina la agogo panalibe.