Chitedze pa Thaulo la Mneneri

Ndikukumbukira dzinja limene mlongo wanga Tadala ankabisala kunsi kwa bedi. Tinkakhala ku Nancholi m'nyumba yopanda siling'i, ndipo mvula ikangoyamba kugunda malata, mwanayo ankatseka makutu n'kumamenyetsa mutu pasimenti mpaka chipumi kutupa. Hutala ya minibasi, chigayo, ngakhale supuni kugwera m'mbale, zonse zinkamulasa. Iye anali asanayambe sukulu, ine ndili Fomu 1, wotchuka kale ndi kuika achule m'zikwama za atsikana.

Amayi anamva za a Mariamu, mayi wa Chisilamu wa ku Naperi amene anaphunzira zothandiza ana otere. Chipinda chawo chinali cha makatani okhuthala, chozizira, chonunkhira sopo. Ankamuveka Tadala mahedifoni n'kumutsegulira mvula yojambulidwa, yapansipansi ngati munthu akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Ulendo uliwonse ankakwezako pang'ono. "Khutu salikakamiza, mayi," ankatero. "Timachita kulinyengerera." Tsiku lina mvula yowaza ikugwa, Tadala anakhalabe pampando, akunjenjemera koma osathawa. Amayi analira.

Bambo sanakhutire. Anzawo a kuntchito ku Limbe anawauza kuti mwana woopa nyimbo za Mulungu ali ndi chiwanda. Basi anagamula: Lamulungu Tadala akapemphereredwe kwa mneneri wina ku Nkolokosa, zikakanika apite kwa azakhali ku Milanje, kutsidya kwa malire.

Mneneriyo ndinkamudziwa. Masipika ake ankagwedeza nthiti, ndipo pomasula munthu ankamukuwira "Tuluka!" pakhutu penipeni, maikolofoni ili kukamwa. Ndinkadziwanso kuti thukuta linkamuchucha, ndipo thaulo lake loyera ankamuyalira pagome mapemphero asanayambe. Loweruka ndinatsikira kudambo, jumbo nditavala kumanja, n'kuthyola chitedze chokhwima bwino. M'mawa mwake ndinadzipereka kukonza mipando ya kutsogolo. Azimayi anandiyamikira.

Tadala anamukokera kuguwa akukuwa, mlomo ukutuluka magazi chifukwa chodziluma. Mneneri anatenga thaulo, anapukuta nkhope, khosi, mpaka kupisa m'malaya. Anakweza maikolofoni. Anaitsitsanso. Anayamba kukanda ndi chala chimodzi, mwaulemu. Kenako jekete uko, tayi uko, munthu wa Mulungu akukhula msana pachipilala ngati mbuzi ya nkhupakupa! Wina anazimitsa masipika, m'tchalitchi munangoti zii, ndipo Tadala anachotsa manja m'makutu. Ine ndinaseka mpaka m'mimba kupota.

Kuseka kwanga sikunakhalitse. "Chandilumphira!" anatero mneneri, maso ali psuu. "Chiwanda cha mwana uyu n'chachikulu!" Anthu anasuntha mabenchi kutitalikira. Mayi wina anaphimba mwana wake ndi chitenje.

Titafika kunyumba ndinawaonetsa bambo zala zanga zotupa, n'kuwauza kuti chinali chitedze chabe. Anandikwapula ndi lamba, atatopa anafunsa: "Nanga wakutuma ndani, ngati si chiwanda chomwecho?" Amayi anagwada, anatchula za a Mariamu, za mvula yowaza ija. Bambo anati dzina limenelo asalimvenso m'nyumba mwawo. Tadala anakwera basi sabata yomweyo, mutu atamukulunga bulangete.

Masiku ano zinthu zasinthako. Kuli aphunzitsi odziwa dzina la vuto lake, ndipo mwana wovala mahedifoni m'minibasi palibe amamucheukira. Masipika nawo achuluka, ngodya iliyonse ili ndi mneneri wake. Tadala adakali ku Milanje. Azakhali amati ali bwino, poti denga ndi laudzu. Sukulu sanaipondepo, ndipo amayi akapitako sawayang'ana kumaso.

Anzanga amandifunsa ngati ndimamva chisoni ndi zimene ndinachita. Ndimamva, eya. Chitedze chinatsala chambiri m'jumbo muja, ndipo jekete la bambo linkangokhala pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndinachitayiranji m'chimbudzi?