Ngalande ya Kumunda kwa Apongozi

Ndinakwatila ku Kacholola ndili mlendo, Mchewa wochokela ku Katete, m'zaka zija za chipani chimodzi. Ndinali mkamwini, ndipo mkamwini amayesedwa ndi khasu. Malume a mkazi wanga anandiuza poyela kuti nkhokwe yanga ikadzadza chaka choyamba ndidzakhala, ikapanda kudzadza ndidzaone njila. Mkazi wangayo anali ndi pakati, ndipo mvula itakhazikika anapita kukadikila kuchipatala ku Nyimba.

Chimanga chitafika m'maondo, ndinapita kudambo kukamweta udzu. Ndinapeza pansi pali bii! Tinali timbozi takuda tija timati nchembele zandonda, tikuyenda pamodzi ngati nthumbu. Mutu wake unaloza kuminda yathu, wanga ndi wa apongozi, yomwe inali yogundana.

Kwathu ndinaonapo anthu akuzitsekeleza pokumba ngalande yakuya, ya m'mbali moongoka, kuti zikagwelamo zilephele kukwela. Koma nchito imeneyo imafuna makasu ambili, ndipo woitana abale pamudzi paja anali apongozi aakazi. Nanga ndikanawauza bwanji? Ine ndi iwo sitinkayankhulana. Tikakumana panjila, wina ankapatukila kuthengo. Wotilumikiza anali mkazi wanga, ndiye uyo ali ku Nyimba.

Ndinakaima kuseli kwa nkhokwe yao n'kuyamba kuuza galu wao mokweza kuti kudambo kwaipa, pakufunika makasu lelo lomwe. Munthu wamkulu ndi ndevu zanga, kukambilana ndi galu! Apongozi anali kusenda nshawa pakhonde. Anayankha akuyang'ana nkhuku, kuti nchembele siziputidwa, ukazipha zimaitana zinzake, ukazileka zimadutsa zokha. Anawonjezela kuti anthu obwela amadziwa zambili.

Mtima unandiwawa kwambili, koma ndinameza. Ndinathamangila kwa mlangizi wa zaulimi. Iye anayamba wafunsa khadi la chipani, ndipo ataliona anati mankhwala ali ku Petauke, galimoto ilibe mafuta, ndibwele mailo kukacha. Mailo wa boma tinkamudziwa tonse.

Ndinabwelela ndi khasu langa limodzi. Ndinaima pamalile a minda iwili ija, chifukwa mphamvu zanga zikanakwanila umodzi wokha. Mkamwini sayamba ndi munda wake wa apongozi uli pangozi, mudzi wonse ungamulavulile. Ndinayamba kukumba kwa apongozi. Ndinakumba mpaka matuza anaphulika, mpini n'kumatelela ndi magazi. Odutsa ankaseka kuti Mchewa akukumbila mbozi manda.

Zinafika dzuwa likupendeka. Phokoso lake sindiliiwala, linali ngati mvula yowaza pamasamba ouma. Zinagwela m'ngalande mulu pamulu, ine n'kumazikwilila ndi dothi. Zina zinazungulila kumapeto, kumene ndinalekela, n'kulowa m'munda mwanga. Ndinaziona ndi maso angawa zikukwela chimanga changa, koma ndikanachoka pangalande, zonse zikanapita. Kutacha, munda wanga unali timitengo tokhatokha. Wa apongozi unali wobiliwila, kupatula mizele ya m'mphepete.

Ndinabzalanso, koma mvula inadula msanga. Pokolola ndinapeza zitsononkho zosadzadza ndi dengu lomwe. Malume aja anaitanitsa bwalo. Za ngalande palibe anazitchula, ngakhale onse ankadya chimanga cha m'munda umene uja. Anati mwana wao ndi khanda adya kwa amake, ine ndikasake nchito ku Lusaka, ndidzabwele ndikadzakhala munthu. Apongozi anali pomwepo, atazolika. Mawu amodzi okha ochokela kwa iwo akanandipulumutsa, koma mwambo sunkalola kuti andiyankhulile pamaso panga. Mpaka lelo ndikaganiza ndimapsa mtima.

Tsiku lonyamuka ndinali kudikila basi pamseu waukulu, mkazi wanga atabwelela kale kumudzi akulila. Ndinamva mapazi kumbuyo. Anali apongozi, atasenza kathumba ka ufa. Sanapatukile kuthengo. Anakatula pamapazi anga, nandiyang'ana m'maso koyamba chikwatilile.

"Tate, ufa uwu ndi wanu," anatelo. "Ndinamva zonse zija munauza galu."

Ndinanyamula kathumbako, ndipo basi inafika. Pamene ndinabwelako ku Lusaka, mwana wanga wamkazi anali akuyenda kale. Nditatambasula manja, anathawila kumbuyo kwa ambuye ake, apongozi anga aja, akufunsa kuti bambo awa ndi ndani.