Munthu Mmodzi Salowa M'phanga

Andibweza pakhomo pa phanga chifukwa ndinapita ndekha. Tikiti ndinali nayo, nsapato zabwino ndinavala. Mlandu wanga unali kusowa mnzanga.

Amene mumandidziwa mwamva kale kuti Lachiwiri likubwerali akundichita opaleshoni ya bondo. Adokotala sanabise mawu. Anati ikatha, za masitepe ataliatali ndi miyala yoterera ndiiwale. Ndiye ndinati ndikatsanzike kuphanga lija la m'paki ya kunja kwa tauni. Ndili mphunzitsi ku Kabwata ndinapitako kangapo konse ndi ana a giredi seveni, koma ine malo anga anali kumbuyo, kuwerenga mitu ndi kukalipira othamanga. Ana ankabwerako akusimba za dziwe la pansi pa thanthwe. Ine ndinkabwerako nditasasa mawu, nditanyamula zikwama za eni. Dziwelo sindinaliyang'anepo bwinobwino.

Lachinayi ndinayamba ndaimba foni. Mtsikana amene anayankha anati Loweruka amatsegula 08:00 mpaka 16:00, ndingobwera. Za gulu sanatchule n'komwe.

Loweruka ndinanyamuka 06:10. Minibasi ziwiri, kenaka takisi ya mtunda wotsalawo, bondo likulira pa bampu iliyonse. Ndinafika pageti 09:25, ndinalipira K120, anandimanga kapepala pamkono n'kundilozera kuofesi ya magaidi, amene amatsika ndi alendo m'phangamo. Pageti palibe amene anafunsa kuti ndili ndi yani.

Pawindo la ofesiyo panali bambo wa yunifolomu yobiriwira, akutafuna mtedza. Anayamba wasuzumira kumbuyo kwanga asanandiyang'ane ine.

"Ba mami, muli mweka?"

Ndinati inde.

"Aa, manje apo ni vuto. Gaidi sangangene na muntu umozi. Bafunika folo."

Ndinamufunsa kuti zimenezi zalembedwa pati. Anati ndi lamulo latsopano, chikwangwani chake sichinabwere. Ndinati chabwino, ndilipirira anthu anayi, nditsike ndekha. Anati sizitheka, pafunika anthu anayi enieni, ovala zipewa zolimba zinayi. Kenaka anandifunsa, mwaulemu ndithu, ngati kunyumba kulibe aliyense amene ndingamuimbire kuti abwere.

Bambo inu, akanakhalapo ndikanamusiya dala? Amuna anga anamwalira zaka zitatu zapitazo. Mwana wina ali ku Kitwe, wina kunja. Anzanga akutchalitchi Loweruka amakhala kumaliro kapena kuukwati. Zonsezi ndinayenera kuzifotokoza pawindo, ngati ndikupempha chithandizo? Ndinangoti palibe. Mawu amenewo anandipweteka kuposa bondo.

Anati ndikhale pabenchi, akabwera ena andiphatikiza.

10:50 kunafika chigalimoto, banja la anthu asanu ochokera ku Kabulonga. Mwini ntchito, bambo wapawindo uja, m'malo moti awalankhule yekha, anandiuza kuti ndikawapemphe. Ndinapita, munthu wamkulu wathunthu, ndikuwomba m'manja. Mayi wa banjalo anayang'ana ndodo yanga n'kunena kuti pepani, iwo alipira kuti alowe okhaokha ndipo akufulumira. Sindikumuimba mlandu, sinali ntchito yake. Koma manyazi amene ndinamva pobwerera pabenchi paja sindinawamvepo.

12:30 kunabwera basi ya achinyamata a tchalitchi china, anthu makumi awiri. Ndinaimirira msangamsanga. Bambo uja anati gululo ladzaza, gaidi mmodzi satenga opitirira makumi awiri. M'mawa ndinali wochepa, masana ndasanduka wochuluka. Masamu amenewa munaphunzira kuti? Si ine ndinakuphunzitsani.

Malowo ndi okongola, zimenezo sindikana. Mitengo ya masuku mbali zonse, anyani akudumpha pamiyala, kamphepo kozizira kakutuluka kukamwa kwa phanga mpaka kundifika m'miyendo. Ndinkamva achinyamata aja akuimba pansipo, mawu akubwerera kawiri. Magaidi awiri anali pansi pa mtengo akusewera nsolo. Awiri, opanda chochita, maola atatu athunthu. Ine potero, iwo potero. Ndinadya mabanzi anga ndikuyang'ana kugeti, ndikupempherera anthu atatu osawadziwa. Ndakhala ndekha m'nyumba zaka zitatu, koma kusungulumwa kwenikweni ndinakumva pabenchi paja, anthu akundidutsa.

15:15 bambo uja anayamba kusonkhanitsa zipewa. Ndinapempha kuonana ndi a manejala. Anati Loweruka sabwera. Ndinapempha nambala yawo. Anati saloledwa kupereka.

"Mukabwele wiki inangu na banzanu, mami. Chimwala sichitaba."

Ndinamuuza za Lachiwiri. Anati pepani, n'kutseka windo.

Tsono a manejala, uthengawu ukufikani ndithu, anthu akutumizirani. Ndiyankheni. Ngati lamuloli ndi la chitetezo, mayi mmodzi ndi magaidi awiri n'zoopsa bwanji kuposa achinyamata makumi awiri ndi gaidi mmodzi? Bwanji mtsikana wapafoni sananene? Bwanji pageti anandimanga kapepala akuona ndi maso awo kuti ndatsika ndekha m'takisi? Ndipo mlendo kukapempha alendo anzake, ndi ntchito imene munaika ndani?

Inu amasiye anzanga, opuma pantchito, amene ana anakula n'kupita, musavutike ndi ulendo umenewu. Kumeneko munthu mmodzi samuwerengera.

Chimwala sichithawa, bamboyo sananame. Koma Lachiwiri 07:00 ine ndikulowa m'fiyeta, chipinda cha opaleshoni, ndipo masitepe aja sindidzawatsikanso.